Chitseko Chopalidwa Kawiri

Amayi anandiimbira foni kudandaula za chitseko cha kuchipinda kwawo. Akuti kalipentala wachipala kawiri, koma chayambanso kugwira pakona.

Ine ndine injiniya wa zomangamanga. Kuntchito ndikati khoma ili lisakhudzidwe, amuna a ndevu zawo amaika nyundo pansi. Kwathu ndine mzime basi, wotumidwa machesi.

Nyumba yathu ndi yosanja. Amayi amagona pamwamba, pansi pali saluni ya alamu anga, akazi awo a achimwene. Nditalowa mu salunimo ndinadabwa mmene mwakulira, magalasi mbali zonse, matailosi atsopano ali waliwali. Kenako ndinayang'ana pakati pa chipindacho. Mzati wapakati panalibe.

"Achimwene, mzati uja uli kuti?"

"Tinachotsa. Makasitomala amadzigunda nawo. Taona kukongola kwake."

"Munafunsa ndani?"

"Ndinaugogoda ndekha, sumanyamula kanthu. Mwezi wathatu uwu, nyumba yagwa?"

Ndinakwera pampando kuti ndione bimu imene inkatsamira pamzatiwo, mtanda wa konkire wonyamula nyumba ya pamwamba. Pakati penipeni panali mng'alu, wina ataumata mwaluso n'kupakapo penti.

"Kameneko kasakuvuteni alamu," anatero alamu anga, manja ali m'mutu mwa kasitomala. "Timakamata, kamangobwerera."

Ndinakwiya mpaka makutu kutentha, komabe ndinafotokoza mwaulemu. Bimuyi anaipanga kuti ikhale pa miyendo itatu. Mwadula wapakati, ndiye ikupindika, khoma la pamwamba likuitsatira, felemu ya chitseko n'kupotoka.

"Chitsekocho chimakuchenjezani, inu n'kuchiitanira kalipentala."

"Iwe sukulu inangokuwonjezera mantha," anatero achimwene. "Ndakunyamulapo pamsana ine."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la achimwene ungalitsine mpaka zala kuchita dzanzi. Ulemu ndinausiya pampando pomwepo. Ndinazimitsa choumitsira tsitsi, n'kuuza aliyense kuti atuluke. Mayi wina anatuluka akung'ung'udza, mutu wolukidwa mbali imodzi. Ndinaimbira anzanga a kuntchito kuti abweretse zitsulo zochirikizira bimu, ndipo achimwene ananditsata pakhomo akufunsa ngati zitsulozo sizikanda matailosi.

Pamwamba ndinapeza amayi atakhala pabedi, pamwamba penipeni pa mng'alu uja. Pambali pawo panali wadiropu yodzaza komanso makina awo osokera. Ndinagoneka botolo la mankhwala awo pansi, ndipo linagubuduka lokha kulowera kunsi kwa bedi.

"Amayi, tiyeni. Mukakhala kwanga."

"Chifukwa cha chitseko?"

"Chifukwa cha mwana wanu wamkulu. Wachotsa chimene chimakunyamulani."

Sanatsutse, ndipo ndinawafunira nsapato zawo. Tinatsika masitepe pang'onopang'ono, bondo lawo lovuta likutsalira. Ine ndinkangomvetsera nyumba, kuopa kumva kakuthetheka kalikonse. Panja achimwene anali akuuza makasitomala kuti mawa saluni itsegulidwa monga mwa nthawi zonse, mlongo wawo amangokonda kukuza zinthu.

Amayi anaima pa sitepe yomaliza, n'kundifinya dzanja.

"Iwe," ananong'ona. "Ukatuluka apa ukawapepese achimwene ako. Wawayankha pamaso pa anthu."