Mfumu ya m'Botolo la Mafuta

Kandalama kakale ka mkuwa a Živojin anakatola akulima m'munda wa mphesa, kobiriwira, dothi litakakamira ngati nkhanambo. M'kabati anali nato tina ta Aroma, tonse todziwika maina, koma aka ankati ndi kotsiriza. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso, ndipo ankafuna adziwe mfumu ili pamenepo kusanaderetu.

Anakaviika m'mafuta a olivi chisanu chonse. Mkuwa wakale sakwecha, amachita kunyengerera. Dothi likafewa umalitokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano, osasupula kubiriwirako, poti nkhope imakhala momwemo.

Dothi litafewa, anakhala pawindo ndi galasi lawo lokuzira zinthu. Anangoona chifunga.

Akazi awo, a Desanka, ankakwecha kamphika ka khofi ndi ndimu.

"Bweretsani kuno, nkhalamba inu. Ndingopakako ndimu kamodzi, mfumu yanuyo iwale."

"Musayerekeze. Mumusenda nkhope munthu."

"Munthu wake uti? Wandithera mafutayu? Saladi tikudya wouma chifukwa cha akufa."

Anatero, komabe anapukuta m'manja, nakoka mpando, n'kuwalanda kamtengo kaja. Manja amenewo anali atawalitsa chitsulo chilichonse m'nyumbamo. Koma mayiwo ankatokosa mofatsa, ngati akuzula munga kuphazi kwa mwana.

"Mukuonapo chiyani, mayi?"

"Mutu wa mwamuna. Wavala chisoti cha minga."

"Si minga, ndi kuwala kwa dzuwa. Ndevu?"

"Zazifupi, zonyankhalala, ngati zanu mukachita ulesi. Wasenzanso mkondo paphewa."

A Živojin anatsinzina. Mafumu a chisoti chotero anali ambiri, koma osenza mkondo anali owerengeka.

"Tawerengani m'mphepetemo. Pang'onopang'ono."

"Musandithamangitse, si ine ndinalemba. Pali P, pali R, kenako O."

"Probus," anatero bambowo chapansipansi. "Wa ku Mitrovica konkuno. Amene analimbikitsa ulimi wa mphesa kudera lino."

"Ndiye anabwera kudzaona ngati mukudulira bwino. Wakhumudwa, onani mlomowo."

Bambowo anaseka, n'kusisita nkhopeyo ndi chala. A Desanka sanabweze kamtengo kaja. Anakaika m'thumba la epuloni.

"Mukamakalimanso mundiitane," anatero. "Inu mungaponde mfumu osaiona. Koma mafuta muzigula anu."

A Živojin anavomera ndi mutu, uku akukankhira ndimu ija kumapeto kwa tebulo.