Kamtengo ka Machesi mu Sensa

Ine ndili ndi chizolowezi chonyansa chotafuna timitengo ta machesi. Pa ofesi yathu yojambula mapulani a nyumba aliyense amachidziwa, makamaka amayi osesa, amene amatitola pansi pa tebulo langa m'mawa uliwonse.

Makina athu oumba tinyumba tachitsanzo amadya ulusi wa pulasitiki. Ulusiwo umadutsa m'kapaipi ndi mu sensa, kachipangizo koimitsa makina ulusi ukatha. Sensayo inayamba kulira pachabe, ulusi ulipo. Zitandikwana, ndinachotsa kamtengo kukamwa n'kukasomeka m'menemo kuti izingoona ngati ulusi sukutha. Ndinadziona ngati katswiri.

Lachisanu ulusi unathadi. Makina anapitiriza kuvina m'malere, ndipo kanyumba ka kasitomala wathu wamkulu kanatuluka kopanda denga.

"Wachita izi ndani?" anakalipa abwana.

"Kaya," ndinatero ine, "mwina amayiwa anagunda ndi tsache."

Abwana anawauza amayiwo kuti amakanika akatsimikiza zimenezo, ntchito yawathera. Amayiwo anangopitiriza kupukuta mawindo.

Lolemba amakanika anabwera, tonse titazungulira. Anasolola kapaipi kakale, kokutha mkati, n'kulowetsa katsopano. Atamasula sensa n'kuigwedeza, kanthu kanagwa pansi. Kanali kamtengo kanga, kotafunidwa kumapeto. Kanzake kanali kukamwa kwanga nthawi yomweyo. Mlandu suwola.

Abwana anali akuyang'ana foni. Amayi osesa anaona kamtengo kagwako, anandiyang'ana ine, kenako anakaponda ndi phazi n'kukakokera pansi pa tsache lawo.

"Sensayi munthu anachita kuitseka dala," anatero amakanika. "Koma chotsekeracho chagwera kuti?"

"Ndi kachinyalala chabe, bambo," anayankha amayiwo. "Ndasesa."

Abwana anatukula mutu. "Ndiye mukubisa umboni, eti mayi? Mudikire kalata yanu."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Munthu amene ndinamunamizira anali kunditchinga ndi ntchito yake yomwe. Ndinachotsa kamtengo kukamwa, konyowa ndi malovu, n'kukaika patebulo pamaso pa abwana.

"Kanzake ka aka kali pansi pa tsachelo, bwana. Ndinatseka ndine."

Amene anayamba kuyankhula ndi amayi osesa.

"Chotsani apo, mwanawe," anatero. "Tebulolo ndapukuta kale."