Ndalama Zimene a Dan Sabwera Nazo Kunyumba

Louisa anali atalongedza kale chikwama. Mnzake wa kutchalitchi anamunong'oneza malipiro a ozimitsa moto, ndipo zimene mwamuna wake, a Dan, amenenso ndi ozimitsa moto, ankabwera nazo kunyumba ku Kimara zinali zoperewera. Louisa sanavutike n'kufunsa. Mutu wake unamupatsa yankho msangamsanga: kuli mkazi wina.

Anabereka mwana wawo Pendo n'kukwera minibasi ya daladala kupita ku Sinza kwa ankhoswe awo, a Laurent, amalume ake a Dan, amene anapuma pa ntchito yomweyo. "Shikamoo, amalume. Ine banja landikwana," anatero atapereka moni waulemuwo. Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse uku akutsokomola, kenako anavala nsapato n'kumuuza kuti awatsatire.

Anafika kusiteshoni ya ozimitsa moto anthu ali pakati poyeserera ntchito. Louisa anali asanawaonepo a Dan ali pantchito. Munthu uja amene kunyumba amalephera ngakhale kupeza sokosi zake anali kumwamba kwenikweni pamakwerero, utsi uli tolo, thanki ya mpweya kumsana, mnzake ali paphewa. Ankatsika modekha, phazi ndi phazi, ngati mayi wosenza ndowa yodzaza. Louisa anagwira pakamwa. Anachita mantha, komanso ananyadira mpaka misozi inalengeza m'maso.

A Laurent anamulozera thanki ina kuti ainyamule. Anainyamuladi, koma anaibwezera pansi mwachangu.

"Ine ndinasenza chimenechi mpaka imvi," anatero mkuluyo. "Lero mawondo anatha, chifuwa ndi ichi mukuchimvachi. Mukuganiza kuti ndimadya chiyani?"

Anamufotokozera kuti malipiro amene anthu amatchula m'misewu ndi osadulidwa. Pamachoka msonkho, pamachokanso gawo la penshoni, ndipo olemba ntchito amawonjezerapo gawo lawo. Ndalamazo sizitayika, zimasungidwa m'dzina la wantchitoyo. Iwonso ali mnyamata ankang'ung'udza kuti akuberedwa, koma tsopano ndi zomwezo zimene zimawagulira mankhwala ndi chakudya mwezi uliwonse.

"Mkazi winayo alipodi, mayi a Pendo," anatero a Laurent. "Ndinu nomwe, mutakalamba."

A Dan anabwera thukuta lili kamukamu, ndipo anaona chikwama chija. Amalume awo sanawanyengerere. Anawadzudzula kuti munthu wolimba mtima kulowa m'moto sangaope kuonetsa mkazi wake pepala la malipiro. Tsiku lomwelo awiriwo analiwerengera limodzi, ndipo sabata yotsatira anapita ku ofesi ya penshoni kukatsimikiza kuti zodulidwazo zikufikadi. Zonse zinalimo.

Malipiro olembedwa si amene amafika m'thumba. Onetsanani pepala la malipiro m'banja, funsani tanthauzo la chilichonse chodulidwa, ndipo tsimikizani kuti penshoni yanu ikufika. Msana umene ukunyamula anthu m'moto lero udzatopa, ndipo mwini wake adzafunikabe kudya.