Ndime ya Nambala Seveni

Stephano ankatsuka mapaipi othirira pamene Namakau anatulukira kuchokera ku labu, pepala lili m'manja, masiki atatsikira kuchibwano.

"Ba Stephano, nchito yanga yasila," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Dokotala akuti nalakwisa kupima. Khalas, basi, nilongeze."

Famu yoyeserera mbewuyo inali m'chipululu cha dziko lachilendo, kuseri kwa doko la Jebel Ali. Stephano, mlimi wobadwira ku Mchinji, anafikako kolona atatseketsa nyumba yosungira katundu kumene ankagwira ntchito. Miyezi isanu anangokhala m'dera la Hor Al Anz, kudya za anzake. Ndiye ntchito yolima balereyi ankaigwira ngati dzira, poti viza yake inkatha mwezi wotsatira, ndipo woisainira anali Dokotala Hamza, mkulu wa kafukufukuyo.

"Mwalakwitsa chiyani, achemwali?"

Namakau anafotokoza. Pa ndime khumi za balere, zisanu ndi zinayi zinalandira feteleza wa nayitrojeni mosiyanasiyana, kuti aone kuchuluka kwa chakudya chimene mbewu imakoka m'nthaka ndi mapuloteni amene amalowa m'njere. Ndime ya nambala seveni anaimana dala, kuti ikhale poyerekezera zinzake. Koma atayeza njere, seveni yomanidwayo inaposa zoyandikana nazo.

"Napima katatu. Mbeu yanjala ingapambane bwanji yokhuta?"

Stephano anaika paipi pansi. Yankho ankalidziwa, kalanga ine. Mu Febuluwale, kapitawo wa pa famupo ali m'chipinda chobindikiritsa odwala, iye anaona seveni itachita chikasu, ngala zikungoyamba kutuluka. Anaganiza kuti aidumpha chifukwa cha chipwirikiti cha matenda. Nanga munthu wa ku Mchinji angadutse mbewu yachikasu osaipatsa wobereketsa? Anatapa yureya m'thumba, nathira mmene amachitira kwawo: kachitsekerero ka botolo kamodzi pa phando lililonse. Patatha sabata ndimeyo inabiriwira, iye n'kumanyadira chamumtima.

Tsopano akanatha kungokhala duu. Palibe anamuona. Koma Namakau anali ndi ana awiri kwawo ku Matero, ku Lusaka, ndipo ndi iyeyu amene anamuuza za ntchitoyi pa pemphero la pa foni. Manyazi anamugwira, mantha nawo osamusiya.

"Makina anu ali bwinobwino," anatero. "Wolakwa ndine. Ndinaidyetsa."

Namakau anapinda pepala lija. "Imwe, chisoni chinapaya nkhwali. Muziba kuti bazakupitikisani?"

"Mlandu suola. Kwezani masiki, tiyeni."

Dokotala Hamza, bambo wa ku Sudan wosakonda zolankhulalankhula, anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anamenya tebulo. Anati miyezi inayi ya madzi, mbewu ndi thukuta yapita pachabe, chifukwa popanda ndime yanjala palibe chotsimikizira kuti zinazo zinapinduladi ndi feteleza. Stephano sanadziikire kumbuyo. Anangoti mayiyu alibe chifukwa, ndipo ngati pali wokwera ndege, akhale iyeyo.

"Unathira liti? Wochuluka bwanji?" anafunsa Dokotala.

Stephano anatchula tsiku, natulutsa kachitsekerero m'thumba la ovolosi. Dokotala anakatembenuzatembenuza, kenako anauza Namakau kuti akadzazemo yureya ndi kukaika pa sikelo. Anang'ung'udza kuti n'chifukwa chake mapesi sanatalike koma njere zinalemera mapuloteni: chakudya chobwera mochedwa chimathamangira kungala.

"Zimenezi sizikukupulumutsa," anatero. "Chaka chino wandionongera. Ndikusunga chifukwa wabwera wekha. Viza ndisaina, koma Novembala tikamadzala, seveni ndi yako. Uziithirira madzi okha. Ichite chikasu, ifooke, iwe uziyang'ana. Ungathe?"

Stephano anakumbukira munda wa bambo ake chaka chimene feteleza anasowa, chimanga chitaima ngati udzu. Kumana mbewu chakudya uli nacho m'manja, kwawo amati ndi nkhanza.

"Ndidzatha, bwana."

"Yalla, tiye, kagwire ntchito."

Panja dzuwa linali litayamba kale ukali wake. Namakau anamutsatira, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango, namutambasulira kachitsekerero kaja.

"Tengani sipuni yanu, a dokotala a ku Mchinji."

"Ayi, sungani inuyo," anatero Stephano. "Manja angawa ndimawadziwa."

Anapita ku sitolo ya zipangizo, napempha singano ndi ulusi, n'kusoka matumba onse awiri a ovolosi yake kuti pasakhale ponyamulira yureya.