Dzina Kuseri kwa Khadi

A Morishita anavala magolovesi oyera asanatulutse khadilo m'kapulasitiki kake. Sitolo yawo ya makadi akale a makatuni inali m'kanjira kothina m'tauni ya Nakano. Hayato, mwini khadilo, anaima pakauntala.

"Chinjoka chofiira, cha m'gulu loyamba kutuluka," anatero bambowo akusuzumira pagalasi lokuzira zinthu. "Makona onse ali bwinobwino, silinakandike. Unali mwana wotani iwe, wosasewera?"

"Ndinkangoliyang'ana. Bwana, chonde, muligule lero lomwe. Kunyumba yosamalira okalamba andisungira malo a amayi mpaka Lachisanu basi. Dzana anasiya gasi akuyaka, n'kukapezeka kusiteshoni atavala nsapato imodzi."

"Likakhala chonchi mbali zonse, amayi ako akagona ngati mfumukazi."

Analitembenuza.

"Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga."

Kuseri kwake kunali tizilembo ta inki yakuda yosafufutika: Kuroki Hayato, kalasi yoyamba.

Hayato anakumbukira. Mwana akamayamba sukulu, mayi amalemba dzina pa chilichonse, pensulo iliyonse, sokosi iliyonse. Amayi ake sanasiye kanthu.

"Ndiye palibe mankhwala ofufutira?"

"Ukafufuta, utoto uchokera limodzi. Ogula amafuna khadi looneka ngati silinakhalepo ndi mwini. Ili ndingakupatse ndalama yogulira mbale imodzi ya supu ya ramen. Yopanda dzira."

"Dzina langa lomwe ligwetse mtengo?"

"Ukanakhala wotchuka likanaukweza."

Hayato sanaseke. Anawerama mochonderera mpaka chipumi chinagunda kauntala. A Morishita anangolibwezera m'kapulasitiki, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Kunyumba anapeza amayi ake ali pakhomo, atavala chikhoti, akuti akudikira mwana wawo aweruke kusukulu.

"Mwabwera kudzawerenga mita, bambo?" anamufunsa mwaulemu.

Hayato anawapatsira khadilo, kuseri kuli pamwamba. Anawerenga pang'onopang'ono, akulondola tizilemboto ndi chala.

"Ili ndi la Hayato wanga! Amataya zinthu ameneyo, n'chifukwa chake ndimalemba. Mwachita bwino kubweza, bambo."

"Palibe kanthu, amayi."

Anaimba foni kunyumba ya okalamba kuti malowo apatse wina. Kenako anafunafuna cholembera cha inki yakuda, nakhala pansi pakhomopo. Analemba dzina la amayi ake ndi nambala yake ya foni mkati mwa chikhoti chawo. Atatha apo, anakoka nsapato, nayamba ndi yakumanzere.