Maso Anga Atadyeka M'mbali

"Mukaona kakuwala, dinani batanilo," anatero dokotala wa maso.

Chibwano ndinali nditatsamiritsa pa makina, koma makutu anali kumbuyo, kumene amuna anga ndi mng'ono wanga ankanong'onezana n'kumaseka. Mng'ono wangayo anabwera kudzandisamalira nthawi imene matenda a khunyu ankandigwetsa pafupipafupi. Mapiritsi atsopano anathetsa kugwako, chaka chinatha, koma mtsikana zonyamuka sankazitchula n'komwe.

"Mayi, kumanzereku kwawala kasanu. Simunaone?"

"Sindinaone."

Anandionetsa pepala: pakati poyera, m'mbali monse muli bii. Anati kwa anthu ena mankhwala amenewa amadya maso mwakachetechete kuyambira m'mbali, ndipo pamene padyeka sipabwerera. "Tikambirana ndi dokotala wanu zowasintha pang'onopang'ono. Musasiye nokha, mungayambenso kugwa."

Apa ndinamvetsa chifukwa chake phewa langa linkangokhalira kugunda mphuthu za zitseko. Koma ndisaname, za masitepe kapena zowoloka msewu sindinaziganize. Ine nsanje ndinabadwa nayo, ndipo inkadalira kuyang'ana cham'mbali. Ndinkatha kuthira tiyi maso ali pa kapu, uku ndikuona amene wamwetulira mnzake. Ndiye mapiritsi anasankha kundilanda pomwepo.

M'mawa mwake tinakhala patebulo monga mwa masiku onse, amuna anga kumanja, mng'ono wanga kumanzere. Ndikayang'ana uyu, uyo wasowa.

"Alamu, shuga ndakuthirirani kale, masupuni awiri ndi theka," anatero mng'ono wangayo.

Theka limenelo ine sindinkalidziwa. Ndinatembenuza mutu wonse kuti ndione amuna anga, koma ndinachedwa. Ndinangopeza kumwetulira kukuthera pa milomo.

"Nyamula mpando wako, ukakhale uko ndi alamu ako," ndinatero.

"Pambali pawo, achemwali?"

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa amuna anga.

"Ndikufuna ndizikuonani nonse awiri. Sendera. Senderanso."

Anasendera, mpando ukukwekwereza pansi, mpaka onse anakwana m'kabowo kamene maso anga anatsala nako. Mapewa awo anagundana, ndipo palibe amene anasuntha. Ndinakhala moyang'anizana nawo, tiyi wanga akuzizira, ndikuona bwinobwino mmene ankayenererana.