Kabotolo Kopanda Siliva

Miyezi isanu ndi iwiri Ndaziona anakhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi tizidutswa ta siliva, tija tosaoneka ndi maso timene amapaka m'zosefera madzi ndi m'mabandeji, timawatani maselo ofiira a magazi? Digiri yake yonse inkadalira yankho limenelo.

Ntchitoyo inali yosavuta. Uthire magazi atsopano m'timabotolo, udonthezemo siliva, udikire, kenako uone kuchuluka kwa maselo amene aphulika. Kabotolo kamodzi kankasiyidwa kopanda siliva, koyerekezera. Pamene panagona nkhani ndi pa magaziwo.

Anthu a ku Nancholi amene analonjeza kupereka anabwerera m'mbuyo mphekesera ya anamapopa itangoyamba kumveka m'maminibasi. Mayi wina wa Mvano anamuuza mwaulemu kuti asadzafikenso pakhomo pake ndi kachikwama kake ka singano. Ngakhale mwamuna wa Ndaziona, Friday, bambo wa tayi wa mu ofesi ku Limbe, ankati akangoona singano amamva chizungulire. Amuna enawa kulimba mtima n'kwa pakamwa.

Ndiye Ndaziona anapinda mkono wa malaya ake. Lolemba ndi Lachinayi ankadzitenga magazi yekha, uku kumanzere uku kumanja, ndipo pa fomu ankalemba kuti "Wopereka 1". Anatopa zedi. Kamtunda kopita ku labotale, kamene kale ankakwera akucheza pafoni, tsopano ankapumira kawiri asanafike. Iye ankangoti ndi ntchito.

Tsiku lopereka zotsatira, a Dokotala Fabiano, omwe ankayang'anira kafukufukuyo, anawerenga mapepalawo nthawi yaitali. Anavomereza kuti siliva akachuluka maselo ankaphulikadi. Kenako chala chawo chinaima pa mzere wa kabotolo kopanda siliva kaja, ndipo anapempha kuti aone magaziwo pa maikulosikopu. Maselo ake anali aang'ono, otumbululuka ngati tiyi wa masamba obwereza.

"Awa sitingayerekezere nawo kanthu," anatero. "Munthuyu anali wodwala kale siliva asanafike. Muyambirenso ndi anthu athanzi."

Anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Koma choyamba mumufunefune Wopereka 1 ameneyu. Magazi amuthera m'thupi. Apite kuchipatala lero lomwe."

Ndaziona anatsitsa mkono wa malaya kuti abise zipsera za singano. Miyezi yonse ija inali itapita pachabe, ndipo ngakhale mphamvu zolirira analibe.

"Ndimuuza," anayankha. "Sakhala patali."